Ku Lukla ndi kamera, kukadikira ndege zotera chokwera phiri

Tsiku loyamba, Lamulungu usiku, ku Area 25

Chikwama ndachilongedza katatu lero. Kulongedza, kukhuthula, kulongedzanso, mpaka mayi a Tadala anangoti kodi inu mukusamuka kapena. Vuto si zovala ayi, vuto ndi makilo. Tindege topita ku Lukla amalola makilo 15 basi, 10 chikwama chachikulu 5 cha m'manja, ndiye kamera yokha ndi malenzi awiri ndi mabatire zadya kale 4, jekete ya pa kaunjika yomwe ndinagula ku Tsoka ija nayonso si yamasewera.

Amene mumandidziwa ndi zojambula maukwati ndi zinkhoswe zokha, dziwani kuti imeneyo ndi ya ufa chabe, matenda anga enieni ndi ndege. Ndinakulira ku Lumbadzi, bambo anagwira ntchito pa eyapoti ya Kamuzu zaka 26 akukweza ndi kutsitsa katundu, ife tili ana tinkaidziwa ndege ndi kulira kwake tisanaione n'komwe. Koma madalawo mpaka kupuma pa ntchito sanakwerepo ndege olo kamodzi. M'mimba mwa ndege analowamo kambirimbiri atagwada, pampando ayi.

Anabwera masana kudzatsanzikana. Anangonyamula chikwama changa ndi dzanja limodzi, kuchigwedeza pang'ono, nkuti 12 ndi theka iyi mwanawe, chotsamo zina. Tinakabwereka sikelo ya chimanga kwa aneba, 12.4 kkkk. Ndachotsamo nsapato, thawulo lalikulu ndi thirayipodi.

Kumene ndikupitako ndi ku Nepal, kamudzi kotchedwa Lukla, komwe anthu opita ku phiri la Everest amayambira kuyenda wapansi. Msewu wake wa ndege ndi mamita 527 okha, titi mabwalo a mpira asanu kuwalumikiza, pamene wa kwathu ku Lumbadzi umapitirira makilomita atatu. Kuwonjezera apo ndi wopendekeka, mbali ina phompho mbali ina khoma la phiri. Ndakhala ndikusunga ndalama zaka zitatu, za forex musandifunse mukudziwa kale mmene zilili. Chithunzi chomwe ndikufuna ndi chimodzi chokha: ndege ikubwera ili m'munsi mwanga, ine ndikuiyang'ana pamsana.

Tsiku lachitatu, Kathmandu

Dzulo sindinalembe, ndinali m'malere ndi m'mabenchi. Lilongwe, Addis Ababa, Delhi, kenako kuno. Pa Delhi ndi pomwe ndinakumana ndi msuweni wanga Mphatso, amaphunzira za mankhwala ku India konko ndiye anati asuweni sindingakusiyeni mukasochere nokha ndi chizungu chanu cha pa ukwaticho. Mwana wopanda ulemu ameneyu, koma chisuweni ndi chomwecho.

Wotchi ya kuno ndi yachilendo, ali patsogolo pathu ndi maola atatu ndi mphindi 45. Eti 45. Ndaimbira kunyumba ndikuganiza kuti adzuka kale, ndapeza ndawadzutsa folo koloko m'mawa, ndalandira zanga.

Kathmandu ali m'chigwa, mapiri kuzungulira ngati mbale, ndiye ndege imatsika mothamanga ndithu makutu kuchita kutseka. Magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu, njinga zamoto zake kuchuluka kabaza wa ku Lilongwe achepa. Madzulo Mphatso ananditengera pa kamalo kena nkuitanitsa chinthu chotchedwa dhindo, kubwera kwake ndi nsima anthuni, nsima yeniyeni koma ya ufa wa mawere, yakuda, amadyanso ndi manja. Kungoti iwo amatema timbamu ting'onoting'ono nkumeza osatafuna. Ine ndinatema ya kwathu, woperekera zakudya anachita kuitana mnzake kuti adzaone.

Tigona maola atatu okha. Miyezi ino ya October ndi November alendo amachuluka ndiye ndege zambiri za ku Lukla sizinyamukira mu Kathmandu muno, amazisamutsira ku kaeyapoti ka Manthali m'boma la Ramechhap, ulendo wa maola anayi kapena asanu pa galimoto. Akuti atitenga wani koloko usiku.

Tsiku lachinayi, Lukla

Ndafika, ndili moyo, manja akunjenjemerabe pang'ono koma mwina ndi kuzizira.

Msewu wa usiku uja tisaukambe kwambiri. Amene munatsikapo Khwekhwerere kupita ku Golomoti, ganizirani zomwezo koma kwa maola anayi, mumdima, dalaivala akucheza pa foni. Mphatso anasanza kawiri ine ndikumuseka, sindinadziwe kuti yanga ikubwera.

Manthali ndi kotentha, m'mphepete mwa mtsinje, ndipo eyapoti yake ili ngati depoti ya minibasi m'mawa wa Lolemba. Azungu, Amwenye, Machaina, aliyense ndi chikwama chake pamzere, wina akukuwa mayina, katundu pa sikelo. Changa chinakwana 9.8, ndinawatumizira bambo chithunzi cha sikeloyo pa WhatsApp ya mlongo wanga. Ndege zake zonse nambala zimayamba ndi 9N, monga zathu zimayambira ndi 7Q, ndipo ndi mitundu itatu yomwe ndaona: Twin Otter ya ku Canada, Dornier 228 ya ku Germany, ndi Let 410 ya ku Czech. Zonse za mapulopela awiri, anthu osafika 20.

Ife tinakwera Twin Otter. Mkati mwake ndi Hiace ndithu, kuwerama polowa, mawondo kugunda mpando wakutsogolo, ndipo palibe chitseko pakati pa ife ndi mapayiloti, ukuona chilichonse chomwe akugwira. Mtsikana wothandiza m'ndege anadutsa ndi mbale ya maswiti ndi thonje. Ine ndinatenga switi yokha, Mphatso nkuti asuweni thonjelo ndi la m'makutu musadye. Injini zitalira ndinamvetsa.

Ndinalimbirana mpando wakumanzere chifukwa ndi komwe kumaoneka mapiri a chipale. Ulendo wake ndi mphindi 20 osakwana bwino, koma simukwera pamwamba pa mapiri ayi, mumadutsa pakati pawo, nthawi zina kuyang'ana pawindo ukuona mitengo ndi nyumba zili pamwamba pa iwe, munthu ali pakhomo pake akukuyang'anira pansi iwe uli m'ndege. Kenako ndege inapendekeka, ndinasuzumira kutsogolo pakati pa mapewa a mapayiloti ndipo ndinakaona. Kamzere kakuda, kakafupi ngati chikwanje, atakamata pa phiri. Mumtima ndinati ayi si pamenepo. Ndi pamenepo.

Kamera inali pamiyendo, ndinakonza zonse kuti ndijambule kutera kuchokera mkati. Sindinajambule olo chimodzi. Manja onse awiri anali pa mpando wakutsogolo, pakamwa Yehova ndiye m'busa wanga. Phiri likungokula pa galasi lakutsogolo, kukula, kukula, kenako gu! matayala pansi, injini kubangula chobweza, thupi lonse kukankhikira kutsogolo, ndege ikukwera mtunda ngati lole ya mchenga, khoma lili apo, nkukhotera kumanja mwaulemu ngati palibe chachitika. Azungu kuwomba m'manja. Payiloti anali akulemba kale mu kabuku kake.

Kutsika, mphepo yake ngati watsegula fuliji. Pano ndi mamita 2,845 kuchokera pa nyanja yamchere, Sapitwa pa Mulanje ndi 3,002, ndiye tingoti anthuwa anamanga eyapoti pang'ono kufika pa Sapitwa. Masitepe khumi okha kupita ku loji ndinapuma kawiri. Mayi a pa loji atipatsa supu wa adyo akuti amathandiza mutu.

Tsiku lachisanu

Malo ojambulira ndawapeza ndipo palibe amene akukuthamangitsa, ichi chokha chandikwanira. Kwathu ndinagwidwapo pa fensi ya eyapoti ina ndili ndi kamera, mafunso maola awiri, wakutuma ndani, ukufuna ukagulitse kuti, mpaka kufufuta zithunzi zonse. Kuno njira ya anthu imadutsa pamwamba penipeni pa khoma lomwe runway, msewu wa ndege uja, imathera, pali fensi ya waya, ana asukulu amadutsa pompo, onyamula katundu, ngakhale ng'ombe zawo zaubweya zija zokhala ndi mabelu m'khosi. Ukaima pamenepo msewu wonse wa ndege uli pansi pako ukutsetsereka mpaka kukathera m'malere.

Kupendekeka kwake ndi pafupifupi 12 pa 100, kutanthauza kuti kumunsi ndi kumtunda kumasiyana mamita ngati 60. Ndipo si kulakwitsa ayi, ndi dala. Ndege imatera chokwera kuti mtunda uithandize kuima, imanyamuka chotsika kuti mtsetse uipatse liwiro. Kotera ndi kumodzi, kumunsi kolembedwa nambala 06, konyamukira ndi kumodzi, kumtunda kolembedwa 24, mphepo iwombe uku kapena uko palibe kusintha. Ndipo ukangolowa m'chigwa muja pomaliza palibe zoti ndalakwitsa ndikazungulire ndiyesenso monga amachitira ku Lumbadzi, kutsogolo kuli phiri. Ndi chifukwa chake payiloti samangobwera, amafuna akhale atatera kale maulendo 100 pa misewu ifupiifupi, atagwira chaka m'mapiri a Nepal, komanso atabwera ku Lukla kakhumi ndi mphunzitsi.

Ndinafika pa fensi sikisi isanakwane, zala kuuma. Dzuwa limatulukira kumbuyo kwako koma phiri limalitchinga, ndiye ndege zoyamba zimabwera mumthunzi pamene phiri la tsidya lawala kale, kamera imasokonezeka, ndege kutuluka yakuda bii. Zimabwera mogundizana, zitatu zinayi motsatana, chifukwa poimika pamakwana zinayi zokha ndipo aliyense akuthamangitsana ndi nyengo. Ikatera injini imodzi sazimitsa, anthu tsikani, katundu tsitsani, ena kwerani, mphindi khumi sizikwana yapita. Bambo akanaona anyamata a katundu akuno akanawalemba ntchito.

Pofika naini koloko ndinali ndi zithunzi 400 ndipo ndinkadzimva kukoma. Pafupi nane panali madala ena a ku Hong Kong, tsitsi lonse mbuu, kamera yakale yokandikakandika, iwo akungodina kamodzi kawiri ndege iliyonse pamene ine ndikuwomba ngati mfuti. Anapempha kuona zanga. Anayang'ana, kuyang'ana, nkundifunsa kuti kodi ndege zakozi injini zafa? Kuyang'anitsitsa, zoona, ndinaika shutter, liwiro lomwe kamera imaphethira, pa 1/2000 ya sekondi ngati ndikujambula mkwati akuponya maluwa, mapulopela onse aima chilili, ndege ikuoneka ngati chidole chopachika pa ulusi. Zithunzi 400 anthuni. Mphatso anaseka mpaka kukhala pansi, akuti zaka zitatu kusunga ndalama kudzajambula ndege zakufa.

Madalawo anati tsitsa ufike 1/160, ukalimba mtima 1/100, pulopela izioneka ngati mbale yozungulira. Koma pamenepo dzanja likangogwedera pang'ono chithunzi chonse chawonongeka, ndiye uyenera kuitsatira ndege ndi thupi lonse, zigongono kumata m'nthiti, kutembenuka ndi chiuno osati manja, kudina uli mkati moyenda osaima. Ndi lenzi ya 300mm komanso ukupuma ngati wathamanga chifukwa cha mpweya wochepa, si zophweka. Thirayipodi ija ndinaisiya ku Area 25, koma akuti ngakhale ikanakhalapo sikanathandiza.

Tinakhala pa tiyi masana ndege zitasiya. Iwo anayamba kujambula pa Kai Tak, eyapoti yakale ya Hong Kong yomwe inatsekedwa mu 1998, komwe ma Boeing 747 ankalunjika phiri lopakidwa mabokosi ofiira ndi oyera kenako nkukhota kwambiri kumanja pamwamba pa nyumba za anthu kuti apeze runway 13. Anandionetsa pa foni chithunzi chawo china, chindege chili pakati pa nyumba zosanja, pansi mayi akugula zamasamba osayang'ana n'kumwamba komwe. Apitanso ku Madeira, chilumba cha Portugal, komwe mbali ina ya runway inamangidwa pa zipilala 180 m'mphepete mwa nyanja, ndi ku Paro ku Bhutan. Ndinawafunsa kuti kopambana ndi kuti, anati kulikonse komwe kuli tiyi pafupi ndi fensi.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi

Lero olo ndege imodzi. Chifunga.

Tinadzuka faifi, mabatire ndinagona nawo m'masokosi chifukwa kuzizira kumawamaliza ndipo kutchaja pa loji ndi kolipira, kufika pa fensi sukuona ngakhale nambala 24 yomwe yalembedwa pansi pako pompo. Kuno kulibe zida zotsogolera ndege mumtambo, payiloti ayenera kuona ndi maso ake, ndiye mtambo ukakhala m'chigwa basi eyapoti yatsekedwa. Masiku abwinobwino amauluka m'mawa mokha, chakumasana mphepo imayamba ndipo mitambo imakwera kuchokera kumunsi. Lero sinachoke n'komwe.

Kamudzi kadzaza anthu otsika ku phiri omwe amayenera kunyamuka lero, nkhope zopsa ndi dzuwa, milomo yosweka, aliyense pa foni kusintha matiketi. Ena olemera akufunsa za helikopita. Mzungu wina anakalipira mnyamata wa pa kauntala ngati mnyamatayo ndi amene wabweretsa mtambo, mxii.

Ndege imodzi inagona pano dzulo, Dornier 228, ili poimika paja yokha chifunga chikuizungulira. Ndinaima nkumaiyang'ana nthawi yaitali. Mphatso anabwera, kuyang'ana, nkungoti asuweni si mtundu womwe uja uwu? Ndi womwewo. Ndege ya asilikali yomwe inanyamuka ku Lumbadzi pa 10 June 2024 kupita ku Mzuzu nkukagwa m'nkhalango ya Chikangawa nyengo itaipa, a Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu, inali Dornier 228. Mphuno yake yaitali ija, thupi la makona anayi. Tsiku limene lija bambo anakhala pa wailesi usiku wonse osadya. Ndinajambula chithunzi chimodzi chokha ndipo sindikudziwa ngati ndidzachionetse munthu. Kuyambira pamenepo kudandaula kuti ndege sizikubwera ndinasiya. Kunonso anaonapo zotere, mu October 2008 Twin Otter inagunda kumunsi kwa runway mu chifunga, anthu 18 anamwalira, anapulumuka payiloti yekha. Anthu akuno ukawafunsa za kutsekedwa kwa eyapoti amangokweza mapewa, sakwiya.

Masana tinakhala m'chipinda chodyera mozungulira mbaula, mwana wa mayi a pa loji amayankhula chizungu chabwino ndiye anatifotokozera mbiri. Eyapotiyi inamangidwa mu 1964 ndi Edmund Hillary, yemwe uja anakwera Everest koyamba ndi Tenzing Norgay mu 1953, ndipo cholinga sichinali alendo ayi, ankafuna potsitsira zipangizo zomangira masukulu ndi chipatala. Iye ankafuna malo athyathyathya koma eni minda anakana, munda ndi munda basi kulikonse, ndiye anagula potsetsereka pano. Makina osalazira kunalibe. Akuti anagula mowa wamasese akuno nkuuza anthu kuti agwirane mapewa azivina chopondaponda pabwalopo mpaka dothi linalimba. Ndinati amenewo akanaitana a Gule a kwa Kalolo ntchito ikanatha tsiku limodzi. Phula anathira mu 2001, dzina loti Tenzing-Hillary linabwera mu 2008.

Mayi a Tadala atumiza uthenga akuti tijambulireni Everest yo tione. Ndawauza kuti pa Lukla Everest saoneka, uyenera kuyenda masiku awiri kupita chakumtunda. Ayankha kuti ndiye mwapitiranji. Sindinayankhe, netiweki inavuta.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri

Kunja kwayera mbee, nyenyezi zinali zikuonekabe pomwe timatuluka. Madala a ku Hong Kong anali atafika kale ndi fulasiki yawo.

Chifukwa cha dzulo ndege zinabwera ngati njuchi, mahelikopita nawonso osaleka. Ndinaika 1/160 nkuyamba. Yoyamba inawonongeka. Yachiwiri mphuno yakuthwa mchira wosaoneka. Yachitatu ndinaitsatira bwino koma mutu wa munthu wina unalowa. Ndege ikamatera pano kuchokera pomwe yagunda pansi kufika pokhota ndi masekondi owerengeka, ulibe nthawi yoganiza, ukaphonya udikire ina. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ankatero agogo, koma agogowo sanaimepo pa fensi zala zitafa dzanzi.

Ndinazindikira kuti ndikulakwitsa poyambira. Ndinkadikira ndege ifike pa runway ndiye nkuyamba kuisaka mu lenzi. Madala aja amaigwira ikadali kadontho kutali m'chigwa, pomwe nyali zake ziwiri zangoyamba kuoneka kutsogolo kwa phiri lakuda, nkumayenda nayo pang'onopang'ono mpaka thupi lizolowere liwiro lake. Ndinayesa choncho. Komanso kupuma, kutulutsa mpweya theka nkugwira.

Itangodutsa eyiti koloko dzuwa linadumpha phiri nkugwera kumunsi kwa runway kokha, kumtunda kuno kukadali mthunzi. Twin Otter inatulukira, ndinaigwira kutali, ikubwera, ikubwera, ndipo ili m'munsi mwanga ndithu ndikuona pamwamba pa mapiko ake, kumbuyo kwake chigwa chakuda cha mtsinje wa Dudh Koshi, inangolowa m'dzuwa muja matayala asanagunde ndi pang'ono pokha, mthunzi wake uli pansi ukuithamangira kuti akumane. Ndinadina katatu. Chapakati ndi chomwecho. Mapulopela mbale ziwiri zozungulira, nambala ya pamchira ikuwerengeka, kumbuyo konse kwasesereka. Ndinawaonetsa madala aja, anayang'ana nthawi yaitali nkungogwedeza mutu kamodzi, kenako nkundithirira tiyi pa chivindikiro cha fulasiki. Mphatso akuti tsopano tingapite kukadya?

Kunyamuka nakonso ndajambula koma kumeneko ndi kwa makutu kuposa maso. Ndege imabwera kudzaima pansi pa khoma pomwe taima ife, mchira kutilozetsa, payiloti amaponda mabuleki nkukweza injini mpaka fensi kunjenjemera, chimphepo chake chinandiulutsira chipewa, kenako amaimasula. Imatsetsereka ngati njinga yopanda mabuleki, kukafika kumapeto kuja ina imadzuka bwinobwino, ina imachita ngati yamira kaye m'phompho mtima nkuima, kenako uyo akutulukira kutsidya.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, Kathmandu

Tatsika dzulo. Ulendo uno kamera ndinaigwira ndipo ndajambula vidiyo, kungoti mukumveka mawu a munthu akuitana amayi ake m'Chichewa, ndikuti ndi Mphatso iye akuti ndine. Iye wabwerera ku sukulu m'mawa uno, wandilanda jekete ya ku Tsoka ija akuti ku Lilongwe mukaitani. Ndagula tiyi, kansalu ka mayi a Tadala, ndi kabelu ka ng'ombe ka Tadala komwe ndikudziwa kuti ndidzanong'oneza nako bondo.

Tsiku la khumi ndi chimodzi, Lumbadzi

Kutentha kwa October kunandilandira pa masitepe a ndege ngati mbama. Titatera ndinaona runway yathu mmene italikira, ndege kuthamanga, kuthamanga, osafuna kuima, malo ambirimbiri otsala, ndinaseka ndekha mpaka mayi amene ndinakhala nawo pafupi anandiyang'ana.

Sindinapite ku Area 25 kaye, ndinatsikira kwa bambo poti ndi pafupi. Tinakhala pakhonde, mayi akukazinga nsinjiro, ndinatsegula laputopu nkuwaonetsa chithunzi changa chija, cha dzuwa ndi mthunzi, ndikudikira kuti anene kanthu. Anavala magalasi, kuyang'ana, nkuti chabwino, pitiriza. Basi. Ndinapitiriza mtima ukuwawa pang'ono, mpaka tinafika pa zina zomwe ndinangojambula podikira, za poimika ndege paja, anyamata akutsitsa katundu injini ikulira. Apo anati ima. Bwerera. Kulitsa apa.

Anayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda sikirini. Twin Otter ili ndi kosungira katundu kuwiri, kumphuno ndi kumchira, ndiye iwo amafuna aone kuti matumba a mpunga akulowa kuti, zikwama zikulowa kuti. Akuti ukaona kandege kakang'ono chonchi, pa msewu waufupi chonchi, wolongedza akalakwitsa nkulemeretsa kumbuyo payiloti olo akhale katswiri bwanji palibe chake. Anawerenga anyamatawo ndi chala, anayi. Anafunsa kuti amatenga mphindi zingati, ndinati sizikwana khumi, anati bodza, ndinawaonetsa nthawi pa zithunzi, choyamba 7:42 chomaliza 7:50. Anavula magalasi nkuitana mayi, Nangozo tabwerani mudzaone anyamata awa.

Andiuza kuti ndiwatsukire chimenecho, chachikulu, akachipachike pabalaza pafupi ndi satifiketi yawo yopumira ntchito. Ndinafunsa kuti nanga cha dzuwa chija, anati chimenecho kapatse akazi ako. Mawa ndipita ku Old Town kukatsukitsa zonse ziwiri, Loweruka ndili ndi ukwati ku Area 18 ndipo shutter ndiyenera kukumbukira kuibweza pa 1/2000.